Buku langa laima pakati, ndiikonze bwanji nkhani kuti iyende?

Funso ili lachokera kwa mphunzitsi wa pulayimale ku Dómuè, m'boma la Angónia, ku Mozambique. Walemba motere: "Ndikulemba buku la nkhani yopeka m'chiyankhulo chathu. Ndi la mtsikana, Nachisale, amene anathawa nkhondo ndi mayi ake mu 1986 kupita ku Malawi ali ndi zaka 6, n'kudzabwerera mu 2004 kudzafuna munda wa mayi ake umene malume ake akulima. Ndadzaza makope atatu, koma Nachisale akadali ku msasa wa othawa nkhondo, sanakwatiwe n'komwe. Anzanga amene ndawapatsa kuti awerenge amayamikira chiyankhulo, koma palibe wamaliza kope lachiwiri. Kodi nkhani imakonzedwa bwanji kuti iyende? Ndiyambe ndalemba ndondomeko, kapena ndizingolemba mpaka ithe yokha?"

Aphunzitsi, anzanuwo akuuzani zoona kawiri, poyamikira chiyankhulo komanso posiya kuwerenga. Chachiwiricho ndiye muchimvetsere kwambiri. Munthu satula buku pansi chifukwa choti m'bukumo simukuchitika kanthu. Sindikukayika kuti m'makope anuwo muli zambiri: mudzi ukupsa, ulendo wa usiku mwana ali kumsana, mzere wolandira ufa ndi nyemba, maliro a khanda. Amalitula chifukwa palibe chimene akudikira kuti aone. Inu mwalemba zimene zinam'gwera Nachisale, koma zimene Nachisale anachita simunaziyambe.

Nkhondo payokha si nkhani ya m'buku. Mawu amenewa ndi olemera kuwanena kuno ku Tete, kumene mabanja ochuluka a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ali ndi wawo amene anagona kutchire kapena anakulira kutsidya kwa malire, nthawi imene dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Sindikuchepetsa zimenezo ayi, ndikunena za ntchito ya wolemba. Mwana wa zaka 6 sasankha chilichonse pa nkhondo. Amanyamulidwa, amauzidwa kuti khala chete, amapatsidwa chakudya kapena kumanidwa. Wowerenga amamumvera chisoni ndithu, koma chisoni chokha sichiyenda mtunda wautali. Chimene chimamugoneka munthu mochedwa, tochi mpaka kutha mabatire, ndi funso lakuti: kodi ameneyu apeza chimene akufunachi, nanga chimudyera chiyani?

Buku lanu lonse lili m'mawu ochepa amene mwawaponya kumapeto kwa chiganizo ngati opanda ntchito, akuti "kudzafuna munda wa mayi ake umene malume ake akulima." Apo pali munthu wofuna chinthu. Chinthucho n'chooneka ndi maso, chingapezeke kapena kutayika. Pali womutsekereza, ndipo womutsekerezayo ndi yemwe mwambo unamuika kuti azimuteteza. Kwa Achewa malume ndiye mwini mbumba, ndiye nkhoswe ya ukwati wa mwana wa mlongo wake, ndiye woyenera kumuimira pa mlandu. Tsono mlandu ukakhala wa iye yemweyo, Nachisale aimiridwa ndi yani? Tsamba loyamba likhale pamenepo. Nachisale wawoloka malire pa Calómuè, mayi ake anamwalira, mwamuna wake anamwaliranso ku Dedza, achibale a mwamuna atenga mbuzi ndi malata, iye ali ndi ana awiri ndi mtolo umodzi, akupita kumudzi umene anauchoka asanadziwe kusinja.

Tsopano ku funso lanu lenileni, loti mulembe ndondomeko kapena ayi. Alipo alembi amene amangoyamba n'kumaitsata nkhani kumene ikulowera, ndipo ena a iwo amatulutsa mabuku abwino, koma amataya masamba ambiri n'kuyambiranso kawiri katatu. Njira imeneyo inu mwaiyesa kale, yakupatsani makope atatu ndi mtsikana wosakwatiwa. Yesani inayo. Ndondomeko imene ndikunena si chimulu cha mapepala. Zili ngati kumanga chigafa cha fodya: mumayamba mwazika mizati ndi kuyala mitanda, udzu umabwera pambuyo, ndipo palibe wodutsa amene amayamikira mizati, koma ikasowa denga silikhala. Mizati ya buku lanu ingakwane pa tsamba limodzi la kope.

Yambani ndi kumapeto. Sindikutanthauza kuti mudziwiretu chiganizo chomaliza, kapena amene adzatenge munda. Mudziwe chisankho chimene Nachisale adzakumane nacho tsiku lomaliza, chisankho choti uku kukuwawa, ukunso kukuwawa. Ngati akusankha pakati pa chabwino ndi choipa, ndiye kuti sakusankha kanthu, aliyense akudziwa kale kumene apite. Ndikupatseni chitsanzo, muchitaye ngati sichikukwanirani. Tinene kuti pakati pa buku Nachisale wamva chinsinsi: mu 1987 ankhondo anawagwira malume akewo, n'kuwaloza ndi mfuti kuti awatsogolere njira ya kumudzi wina wapafupi, ndipo kumudziko kunafa anthu. Ana a anthu amenewo alipo, ena ndi nduna zimene zimakhala ndi amfumu pa bwalo. Nachisale akangotsegula pakamwa n'kutchula zimenezi, palibe adzamverenso mawu a malume ake, munda ndi wake. Koma malumewo m'mudzimo sadzakhalamonso, ndipo asuweni ake, kuphatikizapo amene wakhala akumubweretsera ufa mobisa, adzasenza dzina limenelo mpaka kumanda. Akakhala chete, ana ake alibe polima. Akulu amati mlandu suola, omwewonso amati chibale ndi fupa sichiola. Buku lanu likupita ku tsiku limene mawu awiriwa adzakumane pa bwalo limodzi.

Mukachidziwa chisankho chimenecho, zotsalazo mumazipeza poyenda chobwerera m'mbuyo. Kuti chisankhocho chiwawe, wowerenga ayenera kukhala atawakonda asuweniwo, ndiye kuti pakufunika mitu imene tikukhala nawo, tikuseka nawo. Ayenera kukhulupirira kuti popanda mundawo ana a Nachisale avutikadi, ndiye kuti timuone akuyesa njira zina n'kulephera: ganyu wokumba kachewere m'minda ya eni, kugulitsa tomato pa msika wa Ulónguè kumene alibe malo ake ndipo mawu ake akumveka a kutsidya. Ayenera kudziwa amene anaulula chinsinsicho ndi chimene anaululira, pakuti munthu satulutsa chimene wasunga zaka 17 popanda chake chimene akufuna. Funso lililonse lotere likukupatsani mutu umodzi kapena iwiri, ndipo mutu uliwonse ukudziwa ntchito yake.

Mwina munamvapo za kagawidwe ka nkhani kamene amaphunzitsa m'makoleji. Aristotle, Mgiriki wa zaka zoposa 2,300 zapitazo, ananena kuti sewero likhale ndi chiyambi, pakati ndi mapeto, ndipo chochitika chilichonse chizibadwa kuchokera m'chinzake. Mjeremani wina, Gustav Freytag, mu 1863 anagawa sewero m'zigawo zisanu n'kuzijambula mokwera kufika pansonga kenako motsika. Anthu a mafilimu amakonda zigawo zitatu. Zonsezi zimathandiza poyeza nkhani imene yalembedwa kale, pofufuza pamene yalobodoka. Koma anthuwa ankayang'ana masewero amene analipo kale n'kufotokoza mmene anamangidwira, ndipo chojambula cha pa bolodi sichinampatsepo munthu nkhani yoti alembe.

Ine ndimaona kuti mphunzitsi wa zimenezi munali naye kale pakhomo. Agogo akati "Padangokhala," ana n'kuvomera kuti "Tili tonse," sataya nthawi ndi kubadwa kwa Kalulu kapena mmene makolo ake anakumanirana. Chiganizo chachiwiri chomwe chilala chagwa, nyama zakumba chitsime, Kalulu wakana kukumba nawo koma madzi akuwafuna. Mlonda woyamba wapusitsidwa, wachiwiri wapusitsidwa, ulendo uliwonse mkwiyo wa nyama ukukula ndipo Kalulu akunka nalimba mtima mopitirira, mpaka kufika pa Kamba amene palibe ankamuwerengera. Onani kuti kubwereza kumeneko sikuima pamodzi, kumakwera. Onaninso kuti wothetsa vuto sanagwe kumwamba, anali pakati pa nyama zomwezo kuyambira pachiyambi. Ndipo agogo anali ndi muyeso umene inu mulibe: nthano ikalobodoka, "Tili tonse" amayamba kuchepa mphamvu, kenako kumveka nkonono. Anzanu aja asiya kuvomera pa kope lachiwiri.

Pakati pa buku ndi pamene alembi ambiri amathera mphamvu, choncho pano ndichedwapo. Tengani ndondomeko yanu muifotokoze mokweza, mumvetsere mawu amene mukulumikizira zochitika. Mukamva mukuti: Nachisale anafika kumudzi, kenako anapita kwa amfumu, kenako mwana wake anadwala malungo, kenako anakumana ndi mnzake wakale, dziwani kuti muli ndi mndandanda wa zochitika, nkhani mulibe. Zinthu zinayi zimenezi mungazisinthe malo mmene mungafunire, palibe chingasokonekere. Tsono imvani izi. Nachisale anafika, malume anamulandira bwino, anamuphera nkhuku, anamupatsa kanyumba kogona, koma za munda anati tikambirana tikakolola. Poona kuti akumuzengereza dala, iye anapita kwa amfumu osadzera kwa malumewo. Chifukwa chodumphidwa chotero malume anachita manyazi pamaso pa anthu, n'kumutulutsa m'kanyumba kaja. Posowa pogona anakakhala kwa gogo wina wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, amene anthu amamulambalala, ndipo gogo ameneyo ndiye anaona ndi maso zimene zinachitika mu 1987. Apa simungachotse chimodzi osagwetsa zinzake.

Chinanso chimene mwaona m'chitsanzochi n'chakuti mavuto a Nachisale akubadwa m'zochita zake zomwe. Anafulumira, anadumpha mwambo, walira mvula walira matope. Ichi n'chofunika kuposa mmene chikuonekera. Mwini nkhani amene amangogweredwa masoka, wopanda cholakwa, wopanda liuma, wopanda bodza ngakhale limodzi, amatopetsa ngati mlaliki wobwereza. Mpatseni Nachisale chilema cha khalidwe chimene chikumuthandiza n'kumamupwetekanso. Mwina anakula akulimbana pa mizere ya chakudya, anaphunzira kuti wodikira amagona ndi njala, ndipo phunziro limenelo, limene linamupulumutsa ku msasa, ndi lomwe likumuwonongera mlandu m'mudzi umene zinthu zimayenda mwa kugwada ndi kudikira. Malungo a mwana aja angalowe m'buku, koma alowe pamene akumukakamiza mayi kuchita chimene sakanachita, monga kukagwada kwa malume omwe wawasumirawo kupempha ndalama yokwerera shapa, minibasi, yopita kuchipatala.

Malumewo musawalembe ngati chilombo. Apa ndi pamene nkhani zambiri za minda zimene ndimawerenga zimagwera: wolanda munda ndi wamimba yaikulu, wamaso ofiira, woseka moipa, mwinanso mfiti. Wowerenga akangomuona amadziwa kuti adzalangidwa, n'kuyamba kuyasamula. Malume a Nachisale ali ndi mbali yawo, ndipo ndi yolimba. Anatsala pamene ena ankathawa, chifukwa mayi awo okalamba sakanatha kuyenda. Anawasamala, anawaika m'manda pafupifupi okha. Mundawo anaulima zaka zimene munthu ankalima khutu lili kutchire, anazula zitsa, anabzala nkhadze m'malire, mitengo ya mango imene anabzala pano ikubereka. Anatenga mkazi wa chitengwa, ana awo anabadwira pamenepo, kwina sakudziwako. Ndipo poti ku Angónia mwambo wa Achewa wotsata kuchikazi wakhala moyandikana kwa zaka zambiri ndi wa Angoni wotsata kuchimuna ndi malowolo, malumewo angathe kuima pa bwalo n'kunena kuti ana awo ndi a pomwepo, anthu ena n'kugwedeza mitu kuvomereza.

Ngakhale lamulo la boma silikuthetsa mkanganowu mophweka, ndipo kwa inu wolemba imeneyo ndi mphatso. Lamulo la malo la Mozambique la 1997 limati malo onse ndi a boma, munthu amangokhala ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, uja timati DUAT. Ufuluwo munthu angaupeze motsata mwambo wa kwawo, angaupezenso ngati wagwiritsa ntchito malowo moona mtima kwa zaka zosachepera 10, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'deralo, amuna ndi akazi omwe, umalandiridwa ngakhale palibe pepala. Mwambo wa mbumba uli ndi Nachisale. Zaka zili ndi malume, 18 zathunthu. Koma kodi ankalima moona mtima, pamene ankadziwa kuti mundawo ndi wa mlongo wawo amene anali moyo kutsidya kwa malire? Chigamulo chidalira pakamwa pa mboni, ndipo mboni iliyonse ili ndi zake zimene ikuopa kuti zingafukulidwe. Musanapitirire, lembani tsamba limodzi malumewo akudzifotokozera okha, m'mawu awo. Ngati pomaliza simunatsale pang'ono kukhala mbali yawo, simunawadziwe.

Nkhani imafunanso chowathamangitsa anthu ake, apo ayi aliyense angathe kunena kuti tiona mawa mpaka buku kutha. Chanu simuyenera kuchipeka, mvula ilipo. Nachisale afike mu Ogasiti, anthu atakolola kale, kuzizira kwa ku mapiri kuno kukutha. Seputembala anthu akusosa, Okutobala akuunga mizere dzuwa likuswa mtengo, kenako chizimalupsa chagwa, ndipo aliyense akudziwa kuti amene sabzala ndi mvula zoyamba za Novembala kapena Disembala wataya chaka chonse, adzamuona akuyenda ndi kathumba m'Febuluwale. Buku lonse lingakwane m'miyezi inayi imeneyi. Mawu a malume aja akuti "tikambirana tikakolola" pamenepo amasanduka mpeni, chifukwa akutanthauza kukolola kwa chaka chamawa. Wowerenga wa kuno safuna kumuuza kuti nthawi ikutha, mungomuonetsa mitambo.

Nanga makope atatu aja? Musawaotche, ntchito yawo ilipo, koma si imene mumaganiza. Tengani mapepala awiri. Pa loyamba lembani zonse mwa dongosolo la zaka, kuyambira kubadwa kwa Nachisale mu 1980: kuthawa kwa 1986, zaka za ku msasa, pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, kubwerera kwa anthu ambiri mu 1993 ndi 1994, ndi chifukwa chimene mayi ake sanabwerere nawo pamene anzawo ankamanga mitolo. Pepala limeneli ndi lanu, wowerenga sadzaliona. Pa lachiwiri lembani dongosolo limene wowerenga adzazidziwire zinthuzo, ndipo dongosolo limenelo si la zaka ayi. Zakale zilowe pokhapokha china cha lero chaziitana, ndipo zikalowa zisinthe mmene tikuonera zalero.

Nachi chitsanzo. Usiku woti mawa akupita kwa amfumu, Nachisale akutsegula kachitini kamene mayi ake anasiya, kufuna chilichonse chimene chingakhale umboni. Muli singano, mkanda woduka, ndi khadi lolandirira chakudya la ku msasa, lofewa ndi thukuta, lopindika panayi. Pa khadipo palembedwa anthu atatu. Mayi ake, iye mwini, ndi agogo ake, amene sanawolokepo malire. Kodi mayi analembetsa dzinalo kuti azilandira ufa wa anthu atatu, kapena ankayembekeza kuti mayi awo adzafika tsiku lina? Pa ndime imodzi imeneyi mwaonetsa njala ya ku msasa, mwaonetsa kuti mayi anasiya kholo lawo m'manja mwa mlongo wawo n'kuthawa, ndipo mwayamba kutiuza chifukwa chimene sanayerekeze kubwerera, ngakhale ankakhala kufupi ndi msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu, uja umayenda m'malire penipeni, mapiri a kwawo akuonekera. Masamba 40 a kope lanu loyamba alowa m'kachitini kameneko. Ndipo khadilo likaonekera kamodzi, liyenera kudzagwiranso ntchito, mwina m'manja mwa malume pa bwalo. Chinthu chimene mwamuonetsa wowerenga moyandikira chotero amachisunga m'mutu, ndipo mukachiiwala amaona kuti mwamunamiza.

Pa kachitidwe kake, ine ndimalangiza timapepala. Dulani masamba a kope panayi, kapepala kalikonse kakhale ka chochitika chimodzi. Lembanipo wofuna kanthu, chimene akufuna, womukaniza, ndi chimene chasintha potuluka. Kamodzi kangaoneke motere: "Ku dimba, m'mawa. Nachisale akufuna malume atchule tsiku lokayendera malire. Malume akuthirira nazale ya fodya, sakutembenuka. M'malo moyankha akufunsa kuti, pamene mlongo wanga anamwalira, bwanji uthenga ndinaumvera pa msika? Nachisale wabwera ngati wodandaula, akuchoka ngati wolakwa." Kapepala kamene simungathe kulembapo chosinthacho, kataye kapena kaphatikizeni ndi kanzake, ngakhale kakhale ndi mawu okoma chotani. Timapepala 30 kapena 40 tikukwana buku laling'ono. Tiyaleni pa mphasa, muziyang'ana mutaimirira. Mudzaona nokha pamene pali zochitika zitatu zotsatizana za mtundu umodzi, pamene malume asowa nthawi yaitali, pamene chinsinsi chatuluka msanga. Kusuntha kapepala n'kosavuta kusiyana ndi kulembanso kope.

Chinsinsicho chituluke cha pakati, osati kumapeto. Alembi ambiri amachisunga mpaka mutu womaliza pofuna kudzidzimutsa wowerenga, ndipo amamudzidzimutsadi kwa mphindi imodzi. Koma chikatuluka pakati, theka lonse lachiwiri la buku limalemera, pakuti tsopano Nachisale akudya ndi asuweni ake mpeni uli m'thumba, ife tikudziwa, iwo sakudziwa. Theka loyamba funso linali lakuti apeza bwanji munda. Theka lachiwiri funso lasintha, lakhala lakuti agwiritsa ntchito chimene akudziwacho kapena ayi. Buku limene funso lake silisintha pakati ndilo limamveka ngati likuzungulira malo amodzi.

Nkhani zam'mbali zikhale zochepa, ndipo iliyonse izikoka chingwe chomwecho. Imodzi imene ili m'manja mwanu kale ndi ya msuweni wobweretsa ufa uja. Kwathu asuweni amaseleulana kuti mkazi wanga, mwamuna wanga, ndipo kale ankakwatirana ndithu. Tsono akuluakulu ena otopa ndi mlandu angathe kunena kuti, bwanji Nachisale angolowa m'nyumba ya msuweni wakeyo, munda ukhale wa onse? Njira yophweka imeneyi, imene ili ndi ubwino wake weniweni, ndi mayesero abwino kuposa mdani aliyense. Koma za mnzake wa ku sukulu amene anapita ku Beira, kapena za chibwenzi cha aphunzitsi a m'mudzimo, ngati sizikhudza munda kapena chinsinsi, zisungireni buku lina. Komanso sankhani maso amene tikuonera. Ngati ndi a Nachisale, tisadziwe chimene iye sakudziwa. Ngati mukufuna mitu ina m'maso mwa malume, yambani zimenezo koyambirira, musatidzidzimutse nazo pa mutu 15.

Za mapeto ndili ndi madandaulo akale. Nkhani zathu zambiri, za m'mabuku ndi za masewero a pa wailesi zomwe, zikafika pothina wolemba amaitana thandizo lochokera kunja. Mphezi imagwa. Galimoto imagubuduzika pa msewu wa ku Zóbuè. Woipa uja amadwala mwadzidzidzi n'kuulula zonse ali pa mphasa. Mbale woiwalika amatulukira kuchokera ku Joni ndi chikwama cha ndalama. Zoterezi zimachitika m'moyo, sindikukana, koma m'buku zimamulanda mwini nkhani chisankho chimene tamuperekeza ulendo wonse kuti tidzamuone akuchita. Mwayi kapena tsoka lingathe kumulowetsa munthu m'mavuto, makamaka koyambirira, koma lisamutulutse. Nachisale aime pa bwalo, amfumu amufunse ngati ali ndi mawu ena, ndipo iye alankhule kapena akhale chete. Zikatero tionetseni mtengo wake mwachidule, mutu umodzi wokha, musiye pomwepo. Ulaliki wa pa tsamba lomaliza, uja woti abale anga tiyeni tizikondana, ndi chizolowezi cha m'kalasi chimene ife aphunzitsi chimativuta kusiya. Wowerenga amene wayenda nanu masamba onsewo safuna kumuuza chimene waona.

Ndondomeko si lumbiro. Polemba mudzapeza kuti gogo wa kumapeto kwa mudzi uja wakula kuposa mmene munamukonzera, kapena kuti Nachisale amene mwamudziwa tsopano sangachite zimene kapepala ka 22 kakunena. Zikatero musamukakamize. Bwererani pa mphasa, sinthani timapepala, muone chimene kusinthako kwagwetsa kutsogolo, mukonze, mupitirize. Chokhacho chimene muyenera kuchigwiritsitsa ndi chisankho cha kumapeto chija, ndipo nachonso mukachisintha, dziwani kuti mwayamba buku lina.

Sabata ino musakhudze mutu woyamba. Lembani tsiku la ku bwalo, ngakhale mosalongosoka: amene wakhala pati, amene walankhula koyamba, chimene malume anena, nthawi imene khadi lija latuluka, amene wayang'ana pansi. Mukaliona papepala mudzazindikira anthu amene akulankhula pamenepo koma wowerenga sakuwadziwa, ndi mawu amene akuyenera kubaya koma sakubaya chifukwa sitinaone chiyambi chake. Lembani mayina ndi mawu amenewo pambali, aliyense mumupatse kapepala kake, mukatero muwerenge kuti timapepala takwana tingati.